ULENDO WATHU WA KUMPOTO NDI ZIMENE TABWERA NAZO

Awa ndi mau amene Mlembi wa Nthambi yathu ananena pa msonkhano wa mamembala onse. Tawalemba pano kuti amene sanafike awerenge, ndi kuwerengera anzao.



Pa msonkhano wa m'masika munatisankha anthu anai, amuna awiri ndi amai awiri, kuti sukulu zikatsekera tipite Kumpoto tikaone m'mene alimi a mpunga ndi a khofi amagulitsira zokolola zao pamodzi. Ndalama ya ulendo munasonkha ndinu. Wina anagulitsa nkhuku, wina ndowa ya nyemba. Chifukwa chake tiri ndi mangawa kwa inu, ndipo lero tabwera kudzabweza. Za ndalamazo a Msungichuma awerenga ife tikakhala pansi, kufikira tambala yomaliza. Ife tinena za mseu, za anthu amene tinawapeza m'mbali mwake, ndi za ntchito imene ikutidikira kuno kwathu.

Tinayenda masiku 10. Kuchoka pa Boma pathu pa Ntcheu kukafika ku Chitipa alipo makilomita opitirira 800. Mseu wake ndi womwewu wa M1 umene ana athu amaoloka popita ku sukulu pa Biriwiri, pa Mlangeni ndi pa Lizulu, ndipo munthu akautsata osapatuka udzamfikitsa pa mlatho wa Songwe, m'malire a Tanzania. Ambiri a ife takulira m'mbali mwa mseu umenewu osadziwa kumene unathera, ndipo za anthu a kumathero kwakeko timangomva za m'maluwa.

JENDA NDI MZIMBA

Za Dedza, Lilongwe ndi Kasungu sitichedwapo, pakuti ambiri munafikako. Ntchito yokonzanso mseu kuyambira pa mphambano ya ku bwalo la ndege la Kamuzu kunka kumpoto inayamba m'chaka cha 2022, ndipo pamene akonza basi imathamanga bwino. Tinafika pa Jenda dzuwa litapendeka. Amai ena amene tinali nao atasuzumira pa zenera anaseka, nati, "Kodi adiraiva atibweza ku Lizulu?" Ndipo sananame: milu ya matimati, anyezi, kabichi ndi kachewere m'mbali mwa mseu, amai ndi mabeseni pamutu kuthamangira basi iri yonse, ndi malire ali pafupi pomwepo, kungoti kwao ndi a Zambia pamene kwathu ndi a Mozambique. Tinafunsa za mitengo. Wogula ndiye amatchula, wolima amangovomera, chifukwa matimati sapirira masiku atatu padzuwa. Matenda athu omwe aja tinawapeza atatsogola kale.

Jenda ndi khomo la dziko la Inkosi ya Makosi M'mbelwa, tsono pano tikumbutsane mbiri. Angoni a Zwangendaba Jere anaoloka Zambezi m'Novembala 1835, tsiku limene dzuwa linada masana. Anayenda mpaka ku Ufipa m'dziko la Tanzania, ndipo mfumu yao itamwalira ena a iwo anabwerera nadzakhala ku Mzimba. Makolo a ambiri a ife, a kwa Maseko, anadzera njira yao, nakafika ku Songea, nabwerera kudzakhala ku Domwe ndi kuno. Onsewo anathawa moto umodzi wa nkhondo za Shaka. Iwo lero amalankhula Chitumbuka, ife Chichewa, ndipo Chingoni chatsalira m'nyimbo za ngoma ndi m'ziwongo. Iwo amasonkhana pa phiri la Hora pa Umthetho, ife pa Nkolimbo pa Umhlangano. Mkulu wina amene tinakhala naye mpando umodzi atamva kumene tachokera anatigwira chanza ndi manja awiri, nati ndife ana a bambo mmodzi, kusiyana nyumba zokha. Chimanga chootcha chimene tinadya pa Jenda anagula ndi iyeyo.

CHIKANGAWA

Kupitirira mphambano ya ku Mzimba mseu umakwera mapiri a Viphya, kozizira ngati ku Tsangano m'Juni. Kumeneko ndiko ku Chikangawa, kumene Boma linabzala mitengo, makamaka ya paini, pa mahekitala 53,000, ndipo yambiri inabzalidwa kuyambira 1964 pofuna kudzamanga fakitale ya mapepala. Fakitaleyo sinamangidwe. Mitengo inakula, ndipo macheka ndi moto wa chaka ndi chaka zinaidya. Tinaona mbali zina zobiriwira, kumene alipo oyang'anira ndi obzala, koma tinayendanso nthawi yaitali pakati pa zitsa zakuda ndi udzu mpaka maso kutopa. Odula anali ambiri, wobzala wosaoneka. Ife a ku Ntcheu tisaloze chala. Damu la Mpira, limene limamwetsa midzi ya kuno ndi ya ku Balaka, linaphwa m'chaka cha 2018, ndipo tonse tidziwa zimene nkhwangwa ndi makala zachita m'phiri la Mvai.

MTSETSE WA CHIWETA

Tinagona pa Mzuzu. M'mawa mwake tinadutsa Ekwendeni ndi chigwa cha Henga kufikira pa mtsetse wa Chiweta. Abale, amene sanatsike Chiweta sanaone mtsetse. Mseu umapindika ngati njoka yomenyedwa, uku thanthwe, uku phompho, ndipo pansi peni-peni nyanja iri mbee, yosaoneka tsidya. Anyani akhala m'mbali kudikira chogwa m'galimoto. M'basi monse munali zii, ngakhale anyamata amene anali kukangana za mpira chichokere pa Mzuzu.

Chimene tifuna muchigwire ndi ichi. Pa mtsetse umenewo tinakumana ndi mathanki a mafuta ndi malole a katundu ochokera ku doko la Dar es Salaam, alikukwera pang'ono-pang'ono, ina pambuyo pa inzake. Akulu muli pano mukumbukira nkhondo ya ku Mozambique, pamene abale athu othawa nkhondo anadzaza midzi ya m'malire muno, makamaka kuyambira 1986, kufikira mtendere unasainidwa mu 1992. Nkhondo yomweyo inadula njanji za ku Beira ndi ku Nacala, ndipo dziko lathu linatembenukira ku njira ya kumpoto imeneyi kuti lipume. Kufikira lero gawo lalikulu la mafuta a dziko lino limadzera pomwepo. Dizilo wa m'chigayo cha m'mudzi mwanu, petulo wa njinga yamoto imene imatengera mai wodwala ku chipatala, kawiri-kawiri wakwera Chiweta asanafike kuno. Tsono munthu akadzati, "Mseu wa Kumpoto utikhudza bwanji ife?" mudzamuuze kuti njira ikatsekeka pa Chiweta, mzere wa magalimoto pomwetsera mafuta pa Ntcheu umatalika. Kuyambira pa Chiweta kunka ku Karonga tinapeza maenje ochuluka pamene tinadutsa, kotero kuti m'malo ena adiraiva anasankha kuyenda m'fumbi la m'mbali kusiya tara.

KU KHONDOWE

Pa Chitimba tinatsika basi ndi kukwera matola kupita ku Livingstonia, kumene eni ake amati ku Khondowe. Mseu wa Gorodi uli ndi makona 20 okhota ngati chigongono, ndipo anaukumba ndi manja kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1900. Dr Robert Laws anakhazikitsa mishoni pamwamba pamenepo mu 1894, atayesa kale ku Cape Maclear mu 1875 ndi ku Bandawe mu 1881, kumene malungo anapha anzake. Anamangapo sukulu yophunzitsa aphunzitsi, akalaliki, amisiri a matabwa, osindikiza mabuku ndi othandiza m'chipatala. Lero pali yunivesite, imene inatsegulidwa mu 2003.

Ife aphunzitsi tinaima pamenepo ndi kudzifunsa: nanga n'chifukwa ninji sukulu inazika mizu chotere ku dziko lopanda njanji ndi lopanda misika yaikulu? Yankho liri m'funso momwemo. Boma la atsamunda linaika njanji, misika ndi mafakitale Kummwera, ndipo Kumpoto Azungu ankakutcha dziko lakufa, koyenera kungotengako anthu a ntchito a ku migodi ya ku Joni ndi ya ku Rhodesia. Munthu wa kumeneko analibe kogulitsa chimanga chake. Katundu amene akanatha kupita naye kutali anali wa m'mutu yekha. Kotero makolo anagulitsa ng'ombe kulipira fizi, ndipo mwambo umenewo sunafe. Kalembera wa 2018 anapeza kuti pa anthu odziwa kulemba ndi kuwerenga Chigawo cha Kumpoto chinali patsogolo pa zinzake, chingakhale chinali ndi anthu ongopitirira 2 miliyoni mwa anthu 17 miliyoni ndi theka a dziko lonse.

Ndipo ophunzirawo sanatsekere nzeru zao m'sutikesi. Mu 1912 anayambitsa bungwe la North Nyasa Native Association, loyamba la mtundu wake m'Nyasaland, ndipo mlembi wake anali Levi Mumba. Ntchito yao inali kukhala pansi, kugwirizana mfundo, kuilemba bwino, kuitumiza ku Boma, ndi kusunga kope. Akapanda kuyankhidwa ankalembanso. Mabungwe otere anafalikira m'maboma ena, ndipo mu 1944 anagwirizana kupanga Nyasaland African Congress. Pulezidenti wake woyamba anali Levi Mumba yemweyo. Mbeu ya misonkhano ngati uno inamera ku dziko limene ankaliti lakufa.

Pa kapinga wa Nyumba ya Miyala anationetsa chinthu china. M'Malichi 1959, dziko liri pa chipwirikiti, ndege ya Boma inaponya kalata kufunsa Azungu a pa mishoni ngati afuna kuwachotsa. Iwo pamodzi ndi anthu akuda a pamenepo anagwirizana kukana, nayala zilembo zazikulu zoyera pansi kuti a m'ndege awerenge: Aefeso 2:14. Mukafika kunyumba mukatsegule Buku muone nokha chimene anayankha.

MPUNGA WA KU KARONGA

Karonga ndi dziko la Ankhonde, la Mfumu Yaikulu Kyungu, dziko lotentha, la nthochi, ng'ombe ndi mpunga. Moni wao ndi "Mwaghona", zikomo wao ndi "Ndagha". Anatiphikira mbalagha, ndiko kuti nthochi zophika pamodzi ndi nyama, ndipo amai athu abwera nako kaphikidwe kake. Ndi dziko loona zambiri. Mlozi wogula akapolo anamangako malinga mpaka anagonjetsedwa mu 1895; Angerezi ndi Ajeremani anamenyanako m'Seputembala 1914, ndipo manda ao alipo; zivomezi za m'Disembala 2009 zinagwetsa nyumba zambiri.

Koma ife munatituma za mpunga. Alimi a kumpoto kwa Boma la Karonga anali kale ndi mgwirizano wao wa Kilupula m'zaka za m'ma 1950, Boma lisanatsegule masikimu othirira a Hara, Wovwe ndi Lufilya. Mpunga wonunkhira wa Kilombero wa alimi a ku Kaporo wafika mpaka m'masitolo a ku Scotland. Tinakhala tsiku lathunthu pansi pa mtengo wa mango ndi gulu lina la alimi, ndipo anatiuza poyera m'mene venda amadyera mlimi amene ali yekha. Amabwera m'Febuluwale, njala iri pakhosi, nakongoza ndalama pang'ono kuti adzatenge matumba pokolola. Amabwera ndi ndowa imene anaifunditsa pamoto kuti mimba yake ikule. Akagula amasakaniza Kilombero ndi mpunga wamba, nakagulitsa m'tauni pa dzina la Kilombero, kotero kuti phindu ndi lake, koma dzina loonongeka ndi la mlimi. Amai ndi abambo, mwamvapo chachilendo apa? Si thumba lija la kachewere losokerera pamwamba, limene amuna anai amavutika kulikweza pa lole, koma mtengo wake ndi wa thumba limodzi?

Mankhwala a gulu limenelo ndi zinthu zinai. Choyamba ndi mbeu imodzi yosasakaniza, kuti wogula adziwe chimene agula ndipo abwerenso chaka chamawa. Chachiwiri ndi sikelo ya gulu, ndipo amagulitsa pa kilogalamu, ndowa ai. Chachitatu ndi nyumba yosungiramo, kuti asagulitse onse mwezi umodzi pamene mtengo uli pansi. Chachinai ndi buku: dzina la mlimi, makilogalamu ake, tsiku, ndi kusaina kwake kapena chidindo cha chala.

Zovuta sanatibisire. Mlimi wa m'gulu amadikira ndalama yake, pamene venda amalipira pompo. Ndipo mwana akadwala usiku, munthu amatenga thumba nakagulitsa kuseri, ndipo ndani angamdzudzule? Chifukwa chake iwo amasunga kathumba ka ngozi kobwereketsa membala wopanikizika, kuti asathamangire kwa venda. Nkhalamba ina inatiuza kuti yaona magulu ambiri alikubadwa ndi kufa, ndipo silinaone ndi limodzi lomwe lakufa ndi chilala. Onse anayamba kudwala tsiku limene buku la ndalama linayamba kugona kunyumba kwa munthu mmodzi osawerengedwa pa msonkhano.

CHITIPA NDI MISUKU

Kuchoka pa Karonga kukwera ku Chitipa ndi makilomita ngati 100. Mseu umenewu unalonjezedwa kambiri-mbiri, koma tara anafika patapita zaka zoposa 45 chilandirire ufulu wa 1964, ndi thandizo la dziko la China. Eni ake amati kale nthawi ya dzinja ulendo umenewu unkatha tsiku lathunthu, pena masiku awiri, ndipo sopo ndi mchere ankagula za ku Tanzania ndi ku Zambia popeza za m'dziko mwao sizinkafika. Ife tinayenda maola awiri okha. Tinafunsa chimene chinasintha tara atabwera. Anati ogula chimanga ndi nyemba tsopano amabwera ambiri napikisana mitengo, ndipo ambulansi imafika. Mseu wina, wochokera ku Rumphi kudzera ku Nyika, anati akali kuudikira monga ife tidikira wathu wa kumapiri.

Boma la Chitipa, limene kale linkatchedwa Fort Hill, liri ndi zinenero zambiri: Chilambya, Chindali, Chisukwa, Chinyiha, Chimambwe, Chitumbuka ndi zina. Pamsika munthu amasintha lilime katatu asanagule mchere, ndipo sitinaone alikukangana chifukwa cha ichi. Ife anatiyankha m'Chichewa chomveka bwino.

Pa Kapoka tinapatuka kukwera mapiri a Misuku, kwao kwa Flax Musopole, amene anatsogolera anthu a kumeneko pokana Chitaganya mu 1959, chaka chimene anthu anatseka bwalo la ndege la Fort Hill. Minda ya khofi iri pa mapiri otsetsereka, kotero amalima m'mizere yopingasa, nabzala nthochi pakati kuti zipereke mthunzi ndi chakudya. Mtengo wa khofi umayamba kubala patapita zaka zitatu. Munthu wa phuma sangaulime. Amathyola zofiira zokha-zokha, napita nazo tsiku lomwelo ku makina a gulu ochotsa makoko, kumene amayesa pa sikelo ndi kulemba. Akatsuka amayanika pa thandala, ndipo khofi wa midzi yambiri amapita pamodzi ku Mzuzu kukasankhidwa ndi kugulitsidwa. Magulu a ku Misuku, ku Phoka, ku Viphya, ku Mzimba ndi ku mapiri a Nkhata Bay anakhala pansi pa mgwirizano umodzi, Mzuzu Coffee Planters Cooperative Union, mu 2007.

Taganizani, abale. Mlimi wa ku Misuku ali kutali ndi Lilongwe kuposa wa ku Tsangano katatu ndi kupitirira, ndipo phiri lake ndi loimirira kuposa lathu. Koma khofi wake ali ndi dzina kunja kwa dziko lino, pamene kachewere wathu, amene amadyetsa Blantyre ndi Lilongwe, amachoka m'munda wopanda dzina, ndipo wolemera naye ndi mwini lole. Wina adzati khofi ndi mpunga zimasungika, matimati sasungika. Inde, n'zoona. Koma kachewere amakhala masabata angapo m'nyumba yamdima yopita mphepo, nyemba zimakhala miyezi, ndipo sikelo siifunsa kuti mbeu ndi yanji.

MAU OWAWA

Tikabisa ichi tikhala titakunamizani. Usiku wina pa Chitipa mphunzitsi wina wopuma ntchito, amene anatilandira kunyumba kwake, anatiuza zimene mitima ya anthu a kumeneko yasunga. Mu 1968 Chitumbuka chinachotsedwa pa wailesi ndi m'sukulu, ndipo chinabwerera pa wailesi mu 1994. Mu 1989 aphunzitsi ochokera Kumpoto analamulidwa kuchoka m'sukulu za Pakati ndi za Kummwera kubwerera kwao. Iye anali mmodzi wa iwo; anakweza katundu wake pa lole, nasiya ana a Sitandade 8 mayeso asanafike. Panalinso kota, njira yosankhira ana opita ku yunivesite poyang'ana boma lochokera, imene iwo anaiona ngati chilango cha kukhoza, ndipo inathetsedwa mu 2020. Ena muli pano munaphunzitsidwa ndi aphunzitsi amenewo, ndipo mukumbukira makalasi amene anatsala opanda munthu kutsogolo. Anataya ndani? Iye anataya malo ake, ana a kuno anataya mphunzitsi wao. Sanatiuze izi mwaukali, ndipo atatha anatiyalira mphasa natipatsa bulangete lake. Koma anatipempha chinthu chimodzi, kuti tikafika kwathu tikanene pa msonkhano kuti iwo sali alendo m'dziko muno. Tanena.

Pobwerera tinafika pa Mzuzu ndi kutsikira kunyanja. Pa Nkhata Bay tinaima pa chikumbutso cha anthu osachepera 20 amene anaomberedwa pa doko pa 3 Malichi 1959, pamene anakhamukirako kukaletsa sitima ya Mpasa kutenga atsogoleri ao omangidwa. Ndilo tsiku limene dziko lonse limakumbukira chaka ndi chaka. Ife pamenepo tinakumbukira Inkosi Gomani Wachiwiri, Philip, amene anachotsedwa pa mpando mu 1953 chifukwa chokana Chitaganya chomwecho, namwalira mu 1954, ndi bambo wake Gomani Woyamba, amene anaphedwa ndi atsamunda mu 1896. Pamene zinthu zinali pa moto palibe anafunsa mnzake kuti kwanu n'kuti. Funso limeneli limabuka pa nthawi yogawana ndi ya mavoti, ndipo amene amaliyambitsa sagona m'nyumba zodontha ngati zathu. Tinatsika ndi Nkhotakota, Salima, Golomoti ndi chigwa cha Bwanje, ndipo tinafika bwino.

ZOTI TICHITE

Tsono ulendo wopanda chobwera nacho ndi kungotha nsapato. Anthu a Kumpoto anasiyidwa kutali ndi msika, ndipo anayankha ndi sukulu, ndi kalata, ndi sikelo ya gulu. Zitatu zonsezi ziri m'manja mwathu lero, sizifuna chilolezo cha munthu. Chifukwa chake tiika pamaso panu mfundo zisanu kuti mukambirane, muvomere kapena mukane.

Yoyamba: mvula isanagwe, mudzi uli wonse ulembe alimi ake a kachewere, nyemba, matimati ndi kabichi, ndi kukula kwa minda yao. Tisonkhe tigule sikelo imodzi, ndipo kuyambira kukolola kukubweraku membala asagulitse kachewere pa thumba losokerera. Ichi chidzatheka tikagwirana. Mmodzi akakagulitsa usiku, venda adzatiseka tonse. Chala chimodzi sichiswa nsabwe.

Yachiwiri: buku la ndalama liziwerengedwa mokweza pa msonkhano mwezi ndi mwezi, ndipo ndalama isatuluke popanda kusaina anthu awiri, mmodzi wa iwo akhale mai. Pa thumba liri lonse logulitsidwa tizipatula pang'ono za kathumba ka ngozi.

Yachitatu: za mseu wathu tisamangodandaula pa maliro ndi pa mowa. Dzinja lino achinyamata alembe m'kope lole iri yonse yotitimira, masiku amene yakhala m'matope, ndi matumba amene aola. Ndi manambala amenewo tilembe kalata, idzere ku komiti ya chitukuko ya m'mudzi ndi ya dera kukafika ku Khonsolo, mafumu atasaina. Kope tisunge, ndipo tikapanda kuyankhidwa tilembenso pakatha miyezi itatu.

Yachinai: mwana wa membala asapezeke pamsika ndi beseni pa nthawi ya sukulu, mtsikana kapena mnyamata. Ife aphunzitsi a m'Nthambi muno tadzipereka kuphunzitsa akulu kawiri pa sabata madzulo, kuyambira ndi kuwerenga sikelo ndi kuwerengetsa ndalama. Palibe manyazi apa. Safunsa anadya phula.

Yachisanu: mudzi uli wonse ukhale ndi nazale ya mitengo chaka chino, ndipo tilambule njira zotchinga moto m'mphepete mwa nkhalango isanafike miyezi yotentha, kuti ana athu asadzayende pakati pa zitsa zokha-zokha.

Pamwamba pa zisanuzi tipempha lamulo la pakamwa. Pa msonkhano wa Nthambi ino munthu asatukwane mnzake ndi mtundu wake kapena chigawo chake. Ndipo mlendo akadzabwera ndi mau otere pofuna mavoti athu, timfunse mwaulemu za mseu, za sikelo ndi za sukulu, tione ngati ali ndi yankho.

Chotsiriza. Alimi aja a ku Karonga apempha kuti awiri a iwo adzabwere kuno kudzaona m'mene timalimira kachewere ndi kabichi m'madimba, pakuti pa ichi ife ndiye akatswiri. Tawavomera m'dzina lanu. Adzayenda makilomita opitirira 700 kuti atipeze, tsono tifuna kudziwa lero lino nyumba imene adzagone ndi khola limene nkhuku yao idzachokere. Amene ali wokonzeka aimike dzanja a Msungichuma akatha kuwerenga.